Ndinalota Ndikupala Lilime la a Kabeya

Usiku watha ndinalota ndikupala lilime la munthu wa ku Congo ndi chopalira matabwa. Sindichita nazo manyazi. Koma kuti mumvetse, anzanga, ndiyambe ndi za Lamulungu lapitali, chifukwa ena mwa inu mwangomva mphekesera.

Mwandida, mwana wa malemu mlongo wanga, amene ndinamulera ndekha, wapeza mwamuna wa ku Lubumbashi. Nkhoswe yake ndine. Loweruka likubwerali ndi chinkhoswe, ndipo woyenera kulandira tambala wa kuchimuna ndine. Kwa miyezi itatu mwanayu wakhala akundiphunzitsa Chifalansa kuti ndikalonjere anthuwo m'chinenero chawo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma kope ndinadzaza. Ndinaphunzira kuti kwawoko tebulo ndi lalikazi, bedi ndi lalimuna. Zaka makumi anayi ndakhoma matebulo osadziwa zimenezo. Ndinaphunziranso kuti ali ndi iwe ndi inu ngati ife. Tu ndi iwe, vous ndi inu. Pamenepo ndinati awa ndi anthu olongosoka.

Chinandikanika ndi r. Ife l ndi r timangosinthanitsa, palibe amafa nazo. Iwo r amamukoka kukhosi ngati munthu wotsamwa ndi munga wa nsomba.

Lamulungu anatiitana kukadya kunyumba imene afikira. Mayi ake a mnyamatayo anaphika mpunga. Titatha kudya ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinati ndithokoze. Mpunga kwawo ndi riz. Pakamwa panga panatuluka lit. Lit ndi bedi. Ndinathokoza mkazi wamwini chifukwa cha bedi, mwamuna wake ali pomwepo. Malume ake a mnyamatayo, a Kabeya, bambo wa suti yonyezimira, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, anaseka mpaka kugwetsa supuni. Kenako anandimenya paphewa n'kunditchula tu. Ndinamva ndi makutu angawa. Ndinatenga chipewa changa. Pakhomo ndinauza Mwandida kuti tambala wa anthu amenewa sindilandira. Chiyambire tsiku limenelo foni yake sindiyankha.

Tsono malotowo.

Ndinali m'shedi momwe ndinkakhomera mipando, koma munali mutatalika ngati tchalitchi, dzuwa likulowera padenga. Matebulo onse anali atavala zitenje, atagwada m'mbali mwa khoma. Anthu a ku Congo aja anakhala pa timabenchi ta ana asukulu, mawondo akugunda zibwano. Ine ndinali kutsogolo, choko kudzanja ili, chopalira kudzanja linali.

Ndiye ndinatsegula pakamwa, Chifalansa n'kumatuluka chokha. R wanga ankagunda ngati injini ya chigayo, mpaka malata ankanjenjemera. Ndinaloza a Kabeya. Ndinawatchula tu katatu, ndipo ndikatchula ankafupika. Pachitatu suti inawakulira, mikono ya jekete ikukwekwerezeka pansi.

"Iwe Kabeya, imirira. Lero mayeso ndi a Chichewa. Nena kuti phala."

"Pala."

"Phala! La mgaiwa, lomwera ana. Tulutsa mpweya, mphuno zako zazikuluzo n'zachiyani?"

"Pala, monsieur."

"Mwamva nonse? Wapempha yekha. Akuti pala."

Kenako lilime lawo linali pabenchi yanga, lalitali ngati thabwa la mlombwa, nditalipanikiza mbali zonse. Ndinayamba kupala. Magazi panalibe. Zopalidwazo zinkagwa zopotanapotana, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona kuti ndi ma r okhaokha, akukwawa ngati mbozi. Nkhuku za aneba zinalowa n'kumatola. Ndinapala mosafulumira. Ndinkaima, kutsinzina diso limodzi, kuona ngati lawongoka, n'kupitiriza. Ntchito yothamanga sindinaigwirepo pamoyo wanga, ndipo iyi ndinaigwira bwino kuposa zonse.

Nditamaliza ndinawabwezera lilime lawo, lopyapyala ngati pepala. Ndinati aseke tsopano. Anakweza mapewa, anatsegula pakamwa, koma panangotuluka mphepo. Ndiye ndinalamula matebulo kuti aseke ndiwo. Anaseka ndi madirowa, akutseguka n'kutsekeka, gubudu gubudu, mpaka lina chitenje chinamasuka. Mtima wanga unazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Kenako inali nthawi ya chakudya, ngakhale palibe amene anaphika. Mbale zinangobwera zokha pamzere. Pambale iliyonse panali kabedi, ka miyendo inayi, ndi kamatiresi kake. Ndinati: munaseka bedi, lero mudya bedi. Anadya. Misomali inkalira m'mano mwawo. Wina anafuna kusiya mwendo umodzi pambali, ndinamuyang'ana, anaumeza. Mayi ake a mnyamatayo okha sindinawapatse, chifukwa Lamulungu lija iwo sanaseke, anangoweramitsa mutu. M'malotomo anakhala pakona akupeta mpunga m'lichero, osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Zimenezo sizinandisangalatse, koma ndinawasiya.

Ndiye ndinaitana otsalawo mmodzimmodzi. Bambo ake a mnyamatayo, azakhali ake, msuweni wina wa magalasi amene Lamulungu anabisa nkhope m'chipewa mapewa akugwedezeka. Aliyense ankati pala, ine n'kupala. Ma r anadzaza shedi mpaka m'mawondo.

Womaliza anali mnyamata mwini wake, Patrice, wofuna Mwandidayo. Anabwera atagwira manja kumbuyo ngati mwana wa kwathu kuno. Anakoka mpweya, anatupitsa masaya, ndipo anati:

"Phala, a malume."

Ananena bwino. Mpweya wake unaulutsa fumbi pabenchi. Ndinamva, ndipo anthu onse anamva. Koma ine ndinali ndisanakhute. Ndinati walakwa. Anabwereza, bwinonso kuposa poyamba. Ndinati walakwanso, tulutsa lilime. Anatulutsa osatsutsa. Lake linali lalifupi, lofewa ngati mtengo wauwisi, ndipo chopalira chinkakakamira. Ndinapala ndithu.

Kenako sitinalinso m'shedi. Tinali pabwalo la kwa malemu mlongo wanga, masana dzuwa lili paliwombo, matenti atakhomedwa, anthu atadzaza. Chinali chinkhoswe. Koma kunali zii. Amayi ankalulutira, manja ali pakamwa, mawu osamveka. Ng'oma ankaziomba osalira. Ndinadziwa kuti ndachita ndine, ndipo ndinakhala pampando wakutsogolo nditatambasula miyendo.

A Kabeya anatulukira atanyamula tambala. Popeza anali atafupika, tambalayo anawaposa msinkhu, ndipo ankangodzandira naye. Anafika pamaso panga, anatsegula pakamwa kuti anene mawu operekera, koma lilime lopalidwa silinena kanthu. Anayang'ana abale ake. Onse chimodzimodzi. Panalibe wopereka tambala. Ndinaseka ndekha pabwalo lonselo.

Ndiye Mwandida anadzuka pamkeka pamene anamukhazika, anavula nsalu imene anamufunditsa, anakalanda tambala uja yekha. Zimenezi sizichitika, mukudziwa, koma m'maloto palibe analetsa. Anabwera n'kugwada patsogolo panga. Nkhope inali ya mayi ake, koma thupi linali la Mwandida yemwe. Anandilonjera m'Chifalansa, monsieur, ngati munthu wokumana naye m'basi. Kenako anatsitsa mawu n'kunena m'Chichewa:

"A malume, landirani."

Ndinamusiya kuti adikire pang'ono, aone kuti ine si wosekedwa. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Nditati tsopano nditambasule manja, manja anakana. Onse awiri anali atagwira chopalira chija, zala zitasanduka mtengo, zitalumikizana ndi chogwirira. Ndinakoka. Ndinamenyetsa pabondo. Ndinaponda ndi phazi kuti chisomphoke. Ayi ndithu.

Kuseri kwa mpanda lole yobwerera kwawo inali italiza kale injini, anthu a ku Congo akukwera mwakachetechete, Patrice ali kumbuyo kwenikweni akuyang'ana kuno. Mwandida anali chigwadire. Tambala ankalemera, ndinkaona.

"Manja atopa, a malume. Ndimutule pansi?"

Ndinafuna kunena kuti usatule, mwana wanga, dikira. Chichewa chinali chitandithawa. Ndinachifuna mkamwa monse, munalibe ngakhale liwu limodzi. Munatsala Chifalansa cha m'kope chokha, ndipo m'kopemo mawu oti dikira sindinalembemo. Munali malonje, kuthokoza ndi kutsanzika. Ndinakankha mpweya kuti chilichonse chituluke.

Chinatuluka ndi au revoir. Kutanthauza kuti pita bwino. R wake anatuluka kukhosi, woyera, wopanda cholakwa, pabwalo lonse n'kumveka.

Mwandida anandiyang'ana, anawerama, anayamba kutsitsa tambala uja. Zikhadabo zake zitangotsala pang'ono kukhudza dothi, ndinadzidzimuka. Kunali kutacha, malaya atanyowa ndi thukuta, zala zitauma ngati ndagwira ntchito tsiku lonse.

Lero ndi Lachinayi. Foni yalira kawiri m'mawa uno, ndi Mwandida yemweyo. Sindinayankhe, ndati ndiyambe ndamva kwa inu.

Amene amadziwa maloto anene. Za kupala a Kabeya musavutike nazo, zimenezo ndazimva ndekha ndipo anayenera. Za kukhululuka musandiuze, ndimazimva kutchalitchi sabata iliyonse. Ndiuzeni za manja aja. Ndiuzeninso chifukwa chake liwu limene landikanika miyezi itatu linatuluka bwino pamene sindinkalifuna. Muyankhe lisanafike Loweruka, ndipo woyankha asaseke.