Mlonda wa Nguluwe m'Phiri la Chikala

Tsiku limene lole ya chipani inatenga mkazi wanga kukavina ku Liwonde, ndinabereka Asiyatu, mwana wathu wa zaka ziwiri, n'kukagona naye mumsasa kumunda wathu wam'phiri la Chikala, kulondera nguluwe. Chimanga chinapulumuka, mwana osalumidwa n'komwe ndi udzudzu. Mpaka lero ndimadzitama nazo.

Koma pofotokoza ndimanama kuti fisi atalira, Asiyatu anadzidzimuka ine n'kumutonthoza. Iyayi, iye anali m'tulo tofa nato. Ndine ndinamugwedeza dala kuti ndipeze wolankhula naye.

Anandiyang'ana, nandisisita ndevu ndi kadzanja kake.

"Ababa, gonani," anatero.

Ndinamveradi, ndinagona mpaka dzuwa kutuluka. Nguluwe zija sindidziwa anazilondera ndani.