Njinga Yopanda Kaliyala

Amuna anga adabwera pakhomo pathu ndi chikwama chimodzi ndi bokosi la masipanala. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, choncho nyumba tidamanga pamalo a mayi anga, pomwe nthochi zathu zimathera ndipo tiyi wa esiteti amayambira. Iwo ankakonza makina kufakitale, ine ndinkathyola tiyi. Anali ofatsa moti nthawi zina ndinkachita kuwaputa dala kuti ndingomvako mawu awo.

Zidayamba ndi foni. Mnzawo wina adawaonetsa chithunzi cha njinga yachilendo, akuti chopa: yaitali, chishalo chili pansi, mahandulo ali m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe. Lamlungu lotsatira adabwera ndi felemu yadzimbiri kuchokera ku Masambanjati. Kenaka mapaipi a bedi lakale. Kenaka tayala lonenepa lakumbuyo. Ankayeza ndi chingwe, kudula, kusenza kupita nazo kwa wowotcherera, kubwerako n'kudulanso. Kuseri kwa nyumba kudasanduka galaja, nkhuku zanga zidasowa pofukula.

Ine ndinkangoseka. Amene adandilowetsa nthumanzi ndi mayi anga. Poti mpongozi sayankhula zambiri ndi mkamwini, adadikira kuti mwini wake apite kuntchito, n'kuizungulira njingayo manja ali kumbuyo.

"Iwe, kaliyala wake ali pati?" adandifunsa.

"Akuti yamtunduwu siikhala ndi kaliyala, amayi."

"Nanga nthochi azimanga pati? Ukadwala, kuchipatala akakufikitsa bwanji?" Adagwedeza mutu. "Mwana wanga, njinga yopanda ponyamulira ndi ya munthu wofuna kupita yekha. Tsegula maso."

Ndidawayankha mwamwano pang'ono, koma mawuwo adandikhala. Galu wamkota sakandira pachabe. Kuno njinga ndi bulu: imasenza chimanga, nkhuni, makala, ngakhale mayi woyembekezera. Munthu wamutu wake angatuluke thukuta miyezi yonseyo kupanga njinga yosanyamula ngakhale mkoko umodzi wa nthochi? Ndiye ndidayamba kulondalonda. Pochapa ndinkanunkhiza malaya awo, n'kungopeza fungo la girisi. Akapita kosamba ndinkatsegula foni, muli zithunzi za matayala zokhazokha. Tsiku lina ndidasenza dengu ngati ndikukagulitsa mapeyala, n'kuwatsata mpaka ku Masambanjati. Ndidawapeza atanjuta ndi wowotcherera uja, akulumikiza matcheni awiri kuti atalike. Kunena zoona, ndidapsa mtima. Akadakhala mkazi mnzanga ndikadadziwa pomugwira, koma chitsulo ungachitani nacho?

Tsiku lomaliza adaipaka utoto wofiira. Utauma, adaitulutsa m'mawa wa Lamlungu, anthu akuchokera kutchalitchi choyamba. Anyamata a kabaza adaimika njinga zawo kuti aonere. Wina adakuwa: "Amwene, imeneyo ndi njinga kapena machira?" Amuna anga adangoikwera. Adakhala pachishalo chagada, manja m'mwamba ngati agwidwa ndi apolisi, n'kupalasa kulowera kumsewu wa m'minda ya tiyi. Nkhope yawo inali yowala mwa njira imene ndinali ndisadaionepo, ndipo chimenechi ndicho chidandiopsa kwambiri. Sadacheuke.

Dzuwa lidafika pamutu, osabwera. Lidayamba kupendeka, osabwera. Mayi anga adakhala pakhonde akusenda chinangwa, ndipo kukhala kwawo kokhako kunkati "ndidakuuza". Ndidalowa m'nyumba kukaona ngati jekete yawo yabwino ilipo. Inalipo. Koma mwamuna wothawa chikamwini amatenga jekete? Ambiri timawadziwa amene adati akukagula mchere, mpaka lero mcherewo ukanali m'njira. Ndidakhala pabedi, ndipo ndidalira.

Amuna anga adatulukira chakumadzulo, akukankha njinga ija. Bondo lili magazi, m'tsitsi muli masamba a tiyi, tayala lakutsogolo litapindika. Misewu ya muesiteti ndi yokhotakhota, ndipo foloko yogwira tayala lakutsogolo, poti inali yaitali kwambiri, idakana kukhota pamtsetse. Adakathera m'tiyi wa eni ake. Ndidaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndikutsuka balalo ndi madzi a mchere, mtima wanga unkavina: chinthuchi sichingafike ndi ku Boma komwe.

M'mawa mwake ndidadzidzimuka ndi phokoso la sowo. Ndidawapeza kuseri akufupikitsa foloko ija.

"Ndiye mukuikonzanso? Kuti izikafika kuti?" Mawu adangotuluka okha. "Abambo, tandiuzani zoona. Mukufuna kundisiya?"

Adaleka kudula. Adayang'ana nyumba, nthochi, khola, kenaka ine.

"Mayi, pano munda ngwakwanu. Nyumbayi ndidamanga ine, koma mutati mundithamangitse lero, sindingazule ngakhale chitseko. Ana nawo ngakwanu. Chinthu chokhacho chimene ndinganene kuti changa pakhomo pano ndi ichi."

Sadanene kuti apita, sadanenenso kuti sapita.  Paipi inkagwedera pansi pa sowo. Ndidagwada n'kuigwira ndi manja awiri kuti adule bwino.