Zikhomo Zofiira M'munda Mwanga

Tinasamuka kwa Mlolo madzi atatigwetsera nyumba kachiwiri. Anatipatsa malo kumtunda, m'mbali mwa msewu wa ku Bangula, nthaka youma ya minga yokhayokha. Ine ndi mkazi wanga tinazula zitsa mpaka manja kuchita matuza, ndipo chaka chachitatu mapira anavomera. Koma eni dera sanaleke kutitchula obwera, ndipo mphekesera yoti malowo agulitsidwa kwa olima nzimbe inkangobwerabwera.

M'mawa wina ndinapeza zikhomo zopaka utoto wofiira zitakhomedwa m'mphepete mwa munda wanga, mzere umodzi, kudutsa m'thonje la mlamu wanga mpaka kuseri kwa tchalitchi. Palibe amene anatiuzapo kanthu. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titasonkhana, amuna ndi akazi, aliyense ndi chimene anali nacho kumunda. Ine ndinali ndi mpini wa khasu umene ndinkasema.

Tinawapeza pafupi ndi mjigo. Anali awiri: bambo wa imvi atagwira mapu, ndi mnzake akukankha kagudumu koyezera mtunda. Galimoto inali itawasiya.

"Mukuyeza munda wa yani?" anafunsa mlamu wanga.

"Pepani, bambo, ndife a ku khonsolo," anatero wa imviyo. "Tikuona podzadutsa nthambo ya intaneti, yokwirira pansi. Idzakhala ya khonsolo, osati ya kampani, ndipo idzafika kuchipatala ndi kusukulu. Minda yanu sitikuifuna. Ngalande yake ndi yaing'ono chonchi."

Anatambasula dzanja kuti ationetse. Mayi wina anam'tsomphola mapu aja n'kuwang'amba. Mwala unachokera kumbuyo n'kumuphulitsa bamboyo pamphumi, magazi chuu pamalaya. Mnzake anataya kagudumu n'kuthawira m'mapira, anthu ena pambuyo pake.

Dzanja lija linali likadali m'mwamba, tsopano likutchinga nkhope. Ndinalimenya ndi mpini. Linathyoka ndi phokoso ngati la phesi louma, ndipo ndinalimva m'mapewa mwanga. Bamboyo anagwada.

"Ndaphata miyendo, lekani!" analira kupempha chifundo m'Chisena, chilankhulo cha mayi anga.

Ndinamva bwinobwino, koma ndinamenyanso, pakhutu. Anagwa chafufumimba, anthu n'kuyamba kumuponda. Amene anandichotsapo ndi mkazi wanga. Anandikoka malaya mpaka kung'ambika, akukuwa kuti, "Bambo a ana, mupha munthu!" Kenaka anakagona pamwamba pa bamboyo, ndipo zibakera zina zinagwera iye. Anthu anabwerera m'mbuyo. Tinazula zikhomo zonse n'kuziotcha pamsewu pamodzi ndi kagudumu kaja.

Apolisi anafika mawa lake. Anatenga mlamu wanga ndi amuna ena, chifukwa wothawa uja anakumbukira nkhope ya amene anayamba kufunsa. Dzina langa palibe analitchula, ngakhale mlamuyo.

Patapita milungu ingapo kunaitanidwa msonkhano pabwalo la sukulu. Kumeneko tinamva kuti kalata yotidziwitsa inafika kale m'mudzi, koma msonkhano wake unalephereka chifukwa cha maliro, ndipo unaiwalika. Bambo wa imvi uja anabweranso, mkono uli m'chikhakha. Anapachika mapu atsopano pamtengo ndi dzanja limodzi, natifunsa kuti ifeyo tikufuna nthamboyo idutse pati. Ndinkayembekeza kuti andiloza. Maso ake anandidutsa ngati mmene anadutsira wina aliyense.

Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinafunsa ngati munthu angalime pamwamba pa ngalande ikakwiriridwa.

Anatembenuza mutu. "Bwerezani, bambo. Khutu ili linasiya kumva."

Ndinabwereza. Anandiyankha mofatsa kuti ndingalime, bola ndisakumbepo dzenje lakuya. Anthu anagwirizana kuti nthamboyo idutse tsidya lina la msewu, kopanda minda, ndipo iye analemba.

Mlamu wanga anatuluka m'ndende thonje lake litaonongeka kale ndi mbuzi. Ndinapita kukamuona nditanyamula nkhuku. Anailandira, n'kuipereka kwa mkazi wake, n'kundifunsa za mvula. Timapatsana moni mpaka lero, pamaliro timakumba manda limodzi, koma pakhomo panga sanapondeponso.