Jivi pa Chifuwa cha Ba Sisi

Ntchito yanga inali yokolopa. Ndineneretu, chifukwa kwathu ku komboni ya Kanyama akangomva kuti umagwira ku labu, basi wasanduka dokotala, ayamba kukubweretsera ana a zipere pakhomo. Ine ndinkakolopa pansi, kutsuka mabotolo ndi kutaya zinyalala m'labu ina ya anthu ofufuza za khansa. Zina zonse ndinkangoonera m'mbali.

Chaka chimene ba sisi, akulu anga amene anandilera, anawapeza ndi khansa ya m'bere, mankhwala oyamba sanaphule kanthu. Tsitsi linatha, koma chotupa chili pompo. Madokotala anawapempha kuti kanyama kamene anadula pa chotupacho kapite kwa ofufuza, akayesere mankhwala ena pa maselo ake. Ba sisi anasaina. Anawapatsa kakhadi ka nambala, ndipo nambalayo ndinailoweza ngati vesi.

Maselowo amawalera m'kambale ka pulasitiki kokhala ndi timaenje tambirimbiri, ngati thireyi ya mazira koma ting'onoting'ono. Amakaika m'kabati yofunda, kenako amadonthezamo mankhwala, dzenje lililonse ndi ake. Kabati imeneyo ndinkaiopa. Ndikamakolopa pafupi nayo ndinkaganiza kuti matenda amene akudya ba sisi ali m'menemo, akudyetsedwa bwinobwino, akufunditsidwa. Magetsi akathima, jenereta n'kuchedwa kulira, sindinkadziwa kuti ndipempherere kuti afe kapena akhale moyo mpaka ayesedwe.

Lachinayi lina masana ndinapeza kambale pa tebulo, nambala ya ba sisi ili pa chivundikiro. Ba madamu amene ankayesa anali atatuluka kukayankha foni. Ndinasuzumira. Mayo ine! Timaenje tonse pepo, kupatula mzere umodzi wakumapeto. Pepo weniweni, ngati jivi amene amayi ankatipaka pa zilonda tili ana. Ndani wa m'komboni sadziwa jivi? Ukapaka, chilonda chimauma. Ndinati basi, mankhwala agwira.

Sindinafunse munthu. Ndikanafunsa bwanji, pamene sindinkayenera n'komwe kudziwa kuti kambaleko n'ka ndani? Nditaweruka ndinakwera basi, ndinadumpha zithaphwi za kwathu popondera pa miyala, n'kulowa m'nyumba ndikufuula.

"Ba sisi, naona na maso yanga! Mankhwala yagwira, vonse vasanduka pepo monga jivi!"

Anadzuka pa matiresi, munthu amene anatha masiku atatu akukana chakudya. Anapempha phala, anamaliza mbale yonse. Anati Lamlungu akapereka umboni ku tchalitchi.

M'mawa mwake pakamwa panga panandipereka. Ndikupukuta sinki ndinati, "Ba madamu, kambale ka dzulo kanawama, ai? Pepo yekhayekha."

"Kuwama?" Anavula magalasi. "Ba anti, madzi amene timathiramo pomaliza ni achikasu. Maselo amoyo ndiye amawasandutsa pepo. Mankhwala akapha maselo, pepo sabwera."

Ndinagwira m'mphepete mwa sinki.

"Nanga mzere wakumapeto uja? Munalibe pepo."

"Muja munalibe maselo. Ni madzi chabe, oyerekezera." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ni ndani wanu?"

Ndinaulula. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anati kambale si munthu, thupi limayankha mwa njira yake, mankhwala ena sanayesedwe, ndipo osankha mankhwala ndi madokotala, osati iwo, osatinso ine. Ndinkagwedeza mutu, koma chimene chinandilowa n'chimodzi: matenda a ba sisi anamwa mankhwala onse aja, osafa.

Madzulo ndinatsikira basi kutali, kumafakitale, kuti njira italike. Ndinkadzitukwana njira yonse. Chitsiru cha mkazi, giredi seveni, kukawerenga za anthu a madigiri! Ndinkaopa khansa, inde, koma tsiku limenelo ndinkaopa kwambiri chitseko cha kwathu.

Ndinawapeza ba sisi panja, pa mpando, atavala duku latsopano. Dzuwa linali lisanalowe. Atandiona anaseka, n'kundikokera m'nyumba.

"Bwera uone, iwe dokota wathu."

Anamasula chitenje. Bere lonse, kuyambira pa chipsera mpaka m'khwapa, linali pepo.

"Nagula jivi ku kantemba," anatero monyadira. "Nati nithandizeko naine. Kapena napaka pang'ono?"

Ndinayang'ana mtundu uja pa khungu lawo, ndipo ndinaona kambale.

"Nichani iwe?"

Ndinagwada pansi, ndinawagwira mawondo, ndinawauza. Ndinawauza zonse, za madzi achikasu, za mzere wopanda maselo, za mankhwala amene atsala. Ndinati ndinanama mosadziwa, andikhululukire.

Kunja wina ankaitanira makala. Kenako ba sisi anati, "Leta sopo na madzi."

Ndinawasambitsa ndekha, pang'onopang'ono kuopa chilonda. Madzi m'beseni anasanduka pepo, ndinakataya, ndinatunga ena, nawonso anasanduka pepo. Jivi sachoka msanga. Anakhala pa chifuwa chawo mpaka Lamlungu, ndipo m'mawa uliwonse povala ankatembenukira kukhoma kuti ndisamuone.