Khutu la aPiyano

Pomwe imakwana sikisi koloko m'mawa wa Loweruka, aPiyano anali atasita kale magawuni a kwaya asanu ndi anayi. Ena makumi awiri ndi atatu anali ataunjikana pampando, akununkha katoni yomwe anagonamo miyezi itatu. Ankasitira patebulo lodyera, atayalapo bulangete lakale. Kolala iliyonse ankaiwaza madzi ndi zala, n'kuiponda ndi simbi kawiri, kenako n'kuyang'ana mabatani. Gawuni ya dalaivala woimba besi inali itang'ambikanso m'khwapa. Bamboyo ankanenepa chaka ndi chaka, koma iye ankalimbikira kuti gawuniyo ikufota ndi sopo.

Ntchito yawo ya malipiro inalinso yomweyi. Masiku asanu pa sabata ankakhala m'chipinda chochapira cha hotela ina, pansi penipeni pa nyumbayo, pomwe makina anayi amabangula tsiku lonse mpaka anthu kumayankhulana ndi manja. Kumeneko ankasita n'kulandira. Za kwaya ankangosita.

Kwayayo sinali ya mpingo kapena ya sukulu. Inali ya aliyense wa m'deralo wofuna kuimba, ndipo chaka chilichonse, ikapuma miyezi itatu, inkakonzekera makonsati asanu ndi limodzi m'holo ya pafupi ndi msika. Papepala la pulogalamu pankalembedwa mayina a aphunzitsi a kwaya, wapampando ndi mlembi. Panalibe mzere wa munthu wosesa holo, wosoka mabatani, womata mabuku a nyimbo, kapena wobweretsa ndowa ya madzi akumwa. APiyano sankadandaula. Anali ndi chinthu chawo chimodzi chomwe aliyense ankachidziwa.

Kalekale kwayayo inali ndi kiyibodi yopatsidwa, koma makoswe anadya mawaya ake. Kuyambira pamenepo, aphunzitsi akakweza dzanja ankayang'ana kumzere wachiwiri, ndipo mayi ameneyu ankatulutsa kaliwu kamodzi chapammero, milomo ili chitsekere. Pa kaliwu kameneko anthu makumi atatu ndi awiri ankapezerapo poyambira. Kakakwera pang'ono, a sopulano amathera panjira. Kakatsika, a besi amangokanda pansi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanaphonyepo, ndiye dzina lawo lenileni linaiwalika. Ngakhale amuna awo, akafuna kuwaseka, ankati, "aPiyano, tiyi uja wafika pati?"

Koma m'nyengo yozizira khutu lawo lakumanzere linayamba kulira. Kanali kamluzu kakang'ono, konga ka wailesi yomwe sinagwire siteshoni. Anadikira kuti kasiye. Sikanasiye. Ketulo inayamba kuwira osaimva. Amuna awo anayamba kudandaula kuti masiku ano akuitana kawiri. Iwo ankangoti atopa, ndipo sanauze munthu.

"Odi kuno! Kodi m'nyumba muno anthu anasamuka?"

Nkhope inatulukira pawindo. APiyano anadzidzimuka, simbi n'kutsala pang'ono kugwa. Anali amake mapasa, a nyumba yoyandikana nayo, ogulitsa masamba pamsika, omwe kukwaya ankaimba alito ataima phewa ndi phewa ndi iwo.

"Ndagogoda mpaka zala kuwawa, achemwali. Mumaganiza za ndani?"

"Ndimaganiza za khwapa la adalaivala," anayankha aPiyano, akukweza gawuni ija.

Amake mapasa anaseka mpaka kugwira pawindo. "Ameneyo mungomusokera tenti! Ndipatseni ena ndikusitireni, ndisanapite kumsika."

"Inu mumawotcha makolala."

"Kamodzi kokha! Munthu kulakwa kamodzi, mlandu wake mpaka kumanda?"

Amake mapasa atachoka, aPiyano anatembenukira kuchitseko. Chitseko chinali mapazi atatu okha kuchokera patebulo. Sanamve kugogoda ngakhale kumodzi.

Kuyeserera koyamba kunali thu koloko masana omwewo. Iwo anafika wani koloko. Anatsegula mawindo, anasesa ndowe za mbalame papulatifomu, anatsitsa mipando n'kuindandalika m'mizere inayi. Pochita zonsezi ankayesa kaliwu kawo chamumtima. Kankabwera, koma kamluzu kaja kankakhala pambali pake ngati mlendo wosaitanidwa, ndipo sankadziwa kuti ndani akukoka mnzake.

Anthu anafika ndi phokoso la anthu osowana. Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito yophunzitsa masamu, analowa pomaliza atanyamula kandodo kawo kotsogolera nyimbo, komwe kanali waya wa ambulera yakale. Analengeza kuti konsati yoyamba ili m'sabata zitatu, ndipo nyimbo yotsegulira ili ndi gawo loimba munthu mmodzi.

"Gawo limeneli," anatero, "ndapereka kwa mayi wa saluni."

Anthu anawomba m'manja. Mayi wa saluni anabisa nkhope m'buku. Anali atadikira gawo lotere zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti pofika mawa makasitomala ake onse adzakhala atamva.

Namwino, mtsikana yemwe analowa kwaya chaka chatha, anakweza foni yake. "Aphunzitsi, ndapeza kapulogalamu pafoni. Mukangodina, kakupatsani kiyi."

"Foni imatha moto, mwana wanga," anatero aphunzitsi. "APiyano athu sitinawatchajepo."

Holo yonse inaseka. APiyano anamwetulira nawo, maso ali m'buku.

Waya wa ambulera unakwera. Maso a aphunzitsi anafika kumzere wachiwiri. M'holo munati zii, ndipo m'batamo kamluzu kaja kanamveka kwambiri kuposa kale lonse. APiyano anatseka milomo n'kutulutsa kaliwu.

Mizere yoyamba ya nyimboyo inayenda bwino. APiyano anayamba kupuma. Kenako nyimbo inakwera, kwaya inatsitsa mawu kuti mayi wa saluni adutse yekha, ndipo pamwamba penipeni mawu ake anasweka ngati mbale.

Waya unagogoda patebulo. "Tibwereze."

Anabwereza. Anaswekanso pomwepo.

"Mayi wa saluni, mankhwala a tsitsi aja ayamba kukulowani pakhosi?"

A besi anaseka kumbuyo. Mayiyo anamwa madzi, anatsokomola, anapepesa. Kachitatu anakakamiza mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera, koma mawu anakana.

Namwino anakwezanso dzanja, mwamantha. "Pepani aphunzitsi. Kodi sitikuyambira pamwamba kwambiri?"

Palibe anatembenuka kuyang'ana aPiyano, ndipo kusatembenukako kunawapweteka koposa. Anamva phewa la amake mapasa likuuma pambali pawo. Akanatha kunena pomwepo. Mawu anafika pakamwa, koma aphunzitsi anayamba ndiwo kuyankhula.

"Iwe," anatero aphunzitsi, akuloza namwino ndi waya, "amayi awa ankatipatsa kiyi iwe ukuphunzira kumanga nsapato. Dzuwa likhoza kutulukira kolakwika, koma osati aPiyano." Kenako anatembenukira kwa mayi wa saluni. "Ndikupatsani mpaka kuyeserera kwa Lachinayi. Mukalepheranso, gawoli ndipereka kwa wina. Sindingachititse manyazi kwaya yonse chifukwa cha chisoni."

Nyimbo zina zinali zosakwera kwambiri, ndipo zinadutsa. Itakwana folo koloko anthu anabalalika, kusiya makapu pansi pa mipando monga mwa nthawi zonse. APiyano anatola makapu, anayamba kubweza mipando. Atalowa m'kachipinda kosungiramo mipandoyo anapeza mayi wa saluni atakhala pakona, akupukuta maso ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Kunyumba ndimafikapo bwinobwino, amayi," anatero mayiyo. "Ngakhale ndikutsuka mutu wa munthu ndimafikapo. Kaya pano chandigwira n'chiyani. Ndinali nditawauza kale amayi anga kuti adzabwere."

APiyano anaima ndi mipando iwiri m'manja. "Mukamwe madzi otentha," anatero. "Mupumitse pakhosi."

Anadzimva okha akunena zimenezo, ndipo anachita manyazi mpaka kumapazi.

Kunyumba anapeza amuna awo atapita kukaonera mpira. Sanavule n'komwe nsapato. Anapita kukabati n'kutulutsa kapu yadothi yothyoka chogwirira, yomwe palibe ankamwera. Kapu imeneyi ikagogodedwa ndi supuni inkalira liwu lomwe iwo ankawerengerapo nyimbo zonse, ndipo nthawi zina ankadziyesera nayo popanda wowaona. Chiyambire kulira kwa khutu anali asanaikhudze. Ankaiopa.

Anaiika patebulo. Anatseka khutu lakumanzere ndi chala, n'kugogoda. Kapu inalira liwu lake lakale. Anatseka lakumanja, n'kugogodanso.

Linali liwu lina. Lokwera, lopyapyala, ngati likuchokera m'kapu ya eni ake.

Anabwereza kanayi. Kapu imodzi, supuni imodzi, mawu awiri. Anakhala pansi. Anaganiza za holo itadzaza, magawuni makumi atatu ndi awiri atasitidwa bwino, waya utakwera, anthu onse akudikira pakamwa pawo. Anaganiza za Lachinayi lililonse ndi Loweruka lililonse la zaka zikubwerazo, iwo akubwera wani koloko kudzasesa, kenako n'kukhala kumbuyo pamene foni ikulira m'malo mwawo. Kodi adzawaitana dzina liti? Anaganizanso za amayi ake a mayi wa saluni, omwe mwina anali atasankha kale chovala.

Akanatha kukhala chete. Lachinayi akanatsitsa kaliwu mongoyerekeza, mwina n'kulasa, mwina n'kuphonya. Akaphonya, wolakwa akanakhala wina. Aphunzitsi anali atanena kale pamaso pa onse kuti aPiyano salakwa. Chimenechi ndicho chinkawaopsa: kunali kosavuta.

Panja dzuwa linali lisanalowe. Kuseri kwa mpanda amake mapasa ankaanula zovala, zopanira zili pakamwa. APiyano anatuluka n'kuima pampandapo.

"Amake mapasa."

"Mm?"

"Lero lija. Munamva bwanji?"

Amake mapasa anachotsa zopanira pakamwa, chimodzi ndi chimodzi.

"Ine ndi wa masamba, achemwali. Za manotsi sindidziwa."

"Musandinyengerere."

"Chabwino. Ine alito ndinkaimba ngati ndikuthyola mango a kunsonga. Ndinangoti mwina ndakalamba." Anawayang'ana bwinobwino. "Ndi chitseko chija m'mawa?"

APiyano anagwira khutu lakumanzere. "Miyezi itatu tsopano. Ngakhale bambo a kunyumba sakudziwa."

"Mayo ine. Ndiye mwakhala nazo nokha, ine ndili pompano ndikukubwebweterani za tomato? Kuchipatala mwapita?"

"Ndikuopa zomwe akandiuze."

"Namwino ujatu tili naye m'kwaya momwemo."

"Zimenezo pambuyo." APiyano anagwira mpanda ndi manja onse awiri. "Mayi wa saluni uja asalandidwe nyimbo yake chifukwa cha ine. Aphunzitsi ayenera kumva Lachinayi, anthu asanafike. Koma ndikudzidziwa. Akangondiyang'ana n'kundiitana dzina lija, ndidzanena kuti ndabwera kudzasesa."

Amake mapasa anaika beseni pansi.

"Ndiye ndikupempheni," anatero aPiyano. "Lachinayi mudzatseke msanga kumsika, mudzandiperekeze. Mudzaime mbali yakumanja, kuti ndizikumvani. Ndidzayesa kunena ndekha. Koma mukadzaona kuti ndayamba kufunafuna tsache, musadzandimvere chisoni. Mudzanene ndinu."