Maluwa a pampanda si anga

Inu a ofesi ya nyumba za lendi ku Wigston, mukudikira kuti nthaka itimeze kaye?

Ndimakhala m'kamudzi kena kunja kwa Leicester, komwe kale ankakumba malasha. Nyumbayi tinalowa mu Januwale, ine ndi mwana wanga Tadala wa zaka zisanu. Mwezi watha ndinapeza maluwa atamangiriridwa pampanda wakuseri. Ine kukondwa, ndati azungu atilandira! Mpaka ndinawaika m'botolo pathebulo.

Lachiwiri ndikuwameta ndevu a Derek, nkhalamba yomwe ndimaisamalira, ndinawasimbira za maluwawo. Nkhope yawo inasintha. Akuti maluwawo si anga, ndi a anthu amene anatsalira pansi mgodi utagumuka, bambo a Derek ali m'gulu lomwelo. Chaka chilichonse mudzi umawakumbukira pamenepo. Dzenje lolowera mumgodi lili kuseri kwa khitchini yanga, ndipo analitseka ndi matabwa ndi dothi iwo akuona. N'chifukwa chake palibe amene amaimika galimoto mbali yathu. Aliyense akudziwa, kupatula ine.

Tsono khoma la chipinda cha Tadala lili ndi mng'alu. Mu Januwale munkalowa chikhadabo. Lero mukulowa dzanja.

Lachitatu 9:10 ndinaimba foni ku ofesi yanuyo. Mtsikana wapadesiki akuti nyumba zakale zimatero. Lachinayi ndinakwera mabasi awiri, kufika 11:30, kukhala pampando mpaka 12:50. Bwana wake anatulukira akutafuna sangweji. Ndinamuonetsa zithunzi za mng'aluwo. Akuti nditumize pa imelo. Ndati zithunzizo si izi zili m'manjazi? Akuti dongosolo lawo ndi imelo, ayankha pakatha masiku khumi ogwira ntchito. Kodi nthaka imadziwa masiku ogwira ntchito?

Ndinamufunsa ngati ankadziwa za dzenjelo potipatsa makiyi. Anayang'ana wotchi. Akuti mbiri ya mudzi si gawo lawo.

Dzulo chitseko chakuseri chakana kutsekeka. Tadala anaika mpira pansi, mpirawo n'kuyamba kugubuduka wokha kulowera kukhitchini. Iye kuwomba m'manja: "Mami, nyumba ikusewera nane!"

Ndili ndi mantha, sindibisa. Matiresi tawakokera pabalaza, pafupi ndi khomo lakumaso. Tumizani injiniya sabata ino, apo ayi mundimasule pa kontirakiti yanuyo.

Abale amene mukusaka nyumba zotchipa m'midzi ya migodiyi, mukaona maluwa pampanda funsani kuti ndi a ndani. Ine sindikufuna a chaka chamawa adzakhale a Tadala.