Chindongwa m'dikanta ya agogo

Dzuwa la m'mawa likalowa pawindo, dikanta ya agogo inkawala m'kabati, timathovu ta mpweya tikuoneka m'kati mwa galasi lake. Linali botolo la mimba yaikulu, khosi lalitali lopendekeka pang'ono, ndi chitsekero cholemera chagalasi. Agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku Halale kumene anaphikira mzungu zaka zambiri, ndipo ankati munthu anachita kuliuzira ndi pakamwa galasi lili lamoto. Ife tinkangoti nkhalamba ikutinamiza. Poti anali mkulu wa mpingo, vinyo sanalowemo. Ntchito yanga inali kulitsuka ndi mchenga wa ku Mwaya.

Chilimwe china, tauni yonse ikununkha usipa wapathandala ndi chinangwa choviika, kunamveka kuti akubwera a kuchimuna kudzakamba za ukwati wa mkulu wanga. Mnyamatayo anali mphunzitsi, ndipo amalume ake anali apampando a chipani m'dera lathu, munthu amene ankabweza azimayi pachipata cha msika akapanda khadi. Mayi anga sanafune kuchepa pamaso pa anthu otere. Anasefa chindongwa, thobwa lakwathu lija, nalithira m'dikanta kutatsala tsiku, n'kukanikiza chitsekero kuti ntchentche zisalowe. Zoti thobwa limafufuma pa kutentha ankazidziwa bwino, koma ankayesa kuti m'chiwiya cha azungu lichita ulemu.

Alendo atakhala, dikanta ili pakati pa tebulo, agogo anayamba pemphero, ndipo mapemphero awo sankatha msanga. Ali pakati, tinangomva phu! Chitsekero chinagunda malata, chindongwa n'kuthovokera kukhoma, pa chithunzi cha Pulezidenti chenicheni, n'kumayenderera pachipumi. Ndinachita mantha kwambiri. Masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa apa, ndipo mkulu wanga, amene ankasuzumira kuchipinda, anaona ukwati wake ukupita. Agogo anangoti amen pakati pa mawu.

Apampando aja anadzuka pang'onopang'ono, natulutsa kansalu m'thumba la jekete, napukuta chithunzicho mpaka m'makona. Kenako anatola kapu.

"Ine ndinali chitsinzinire, bambo, tinali pa pemphero," anatero kwa agogo. "Tathirani chotsalacho, chikuoneka kuti chili ndi mphamvu."

Nyumba yonse inaseka mpaka misozi, mayi akubisa nkhope m'chitenje. Ukwati unachitika mvula isanagwe, ndipo mlamu wanga anakalamba akuwaseka apongozi ake za tsikulo.

Ndikakumbukira ndimasekabe, komanso ndimawathokoza bambo aja, amene pamsika tinkawaopa ngati njoka. Zaka zimenezo anthu ankapulumutsana posankha zoti asaone. Ine mwana wosamva sindinkatsinzina pa pemphero, ndiye ndikudziwa bwino kuti nawonso maso awo anali otsegula.